Musathamangire Khola Lina: Kaonedwe ka Nyama ndi Mbalame ku Zoo

Anthu ambiri akalowa ku zoo, malo osungirako nyama zoti anthu aziona, amayenda ngati pali amene akuwapirikitsa. Amafika pa khola la mkango, kupeza wagona, kujambula kamodzi, n'kupitirira. Pa dziwe la mvuu amangoona madzi ndi timakutu tiwiri, n'kunena kuti palibe kanthu. Pofika madzulo miyendo yalema, makola onse ayenderedwa, koma muwafunse kuti nyamalikiti imatafuna bwanji kapena njovu imamwa motani, yankho palibe. Cholakwa sichili pa nyamazo ayi. Nyama iliyonse ili ndi nthawi yake yodya, yogona, yosamba ndi yocheza ndi zinzake, ndipo siisintha zimenezi chifukwa choti kwabwera alendo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe malo amene mawuwa amakwanira bwino kuposa patsogolo pa khola la nyama.

Nthawi yofikira ndiyo imalamula zambiri. Fikani pamene akutsegula kumene geti. M'malo ambiri nyama zikuluzikulu zimagona m'zipinda zamkati, ndipo m'mawa zimatulutsidwa m'khola limene osamalira asesamo n'kumwazamo chakudya. Ola loyambalo nyama imanunkhiza ponseponse, imayendera malire a malo ake, imafukula zimene aibisira. Dzuwa likafika paliwombo, pafupifupi zonse zimathawira mumthunzi. Mkango umatha kupuma maola 16 mpaka 20 pa tsiku ngakhale kutchire kwenikweni, choncho mukaupeza uli gone masana, sukudwala ndipo si ulesi wobwera chifukwa cha khola. Masanawo ndi nthawi yolowa m'nyumba za njoka, za nsomba ndi za nyama zoyenda usiku. Kukayamba kuzizira chakumadzulo bwererani kwa mikango, afisi ndi anyalugwe. Mikango imakonda kubangula dzuwa likamapendeka, ndipo kubangula kwake kumamveka mtunda wa makilomita 8, moti ukabangulira pafupi mumakumva m'chifuwa momwe. Tsiku la mitambo kapena la mvula yowaza limaposa tsiku la dzuwa loswa mtengo: nyama zimayendayenda kwambiri, anthu amakhala ochepa.

Pakhomo pamakhala chikwangwani kapena kapepala kosonyeza nthawi zodyetsera. Musafike pa nthawi yeniyeniyo, fikani mphindi 15 isanakwane. Nyama zimadziwa kulira kwa ngolo ya chakudya, makiyi ndi mawu a wozisamalira, ndiye m'mphindi zodikirazo ndi mmene mumaona amene ali mkulu pagulupo, amene amapatuka, ndi amene amadikirira patali kuti adye zotsala.

Musalimbane ndi kuona zonse. Sankhani mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo pa uliwonse mukhalepo mphindi zosachepera 15. Pali njira imene ofufuza khalidwe la nyama amagwiritsa ntchito, imene Jeanne Altmann, katswiri amene ankafufuza anyani ku Amboseli m'dziko la Kenya, anaifotokoza bwino mu 1974. Mumasankha nyama imodzi pagulu, osati gulu lonse. Mumapeza chizindikiro chake, kaya khutu long'ambika, chipsera, kapena mchira wopindika. Kenako mumaitsata ndi maso kwa mphindi 10, ndipo mphindi iliyonse ikakwana mumalemba mawu amodzi kapena awiri onena zimene ikuchita: ikudya, yakhala, ikukanda inzake, ikuyang'ana pakhomo. Mphindi zitatu zoyamba zimatopetsa ndipo ambiri amasiyira pomwepo. Mukapirira, mumazindikira kuti nyama ija nthawi zonse imakhala pafupi ndi inzake inayake, kuti ina ikayandikira iyo imasuntha, kuti makutu ake amatembenukira ku phokoso limene inu simunalimve n'komwe. Cholakwika chofala n'kusintha nyama pakati pa njira chifukwa ina yayamba kuchita zochititsa chidwi. Mukatero mwabwerera pa chiyambi.

Khola looneka lopanda kanthu nthawi zambiri limakhala ndi mwini wake momwemo. Kale nyama zinkaikidwa m'zipinda za zitsulo zopanda pobisala. Mu 1907 Carl Hagenbeck anatsegula malo ake ku Hamburg m'dziko la Germany, kumene maenje akuya ndiwo ankalekanitsa nyama ndi anthu m'malo mwa zitsulo, ndipo kuchokera pamenepo makola akhala akusinthidwa kuti akhale ndi mitengo, miyala ndi tchire. Khola limene nyama ingathe kubisala ndi khola labwino, ngakhale likupatseni ntchito. Pofufuza, dzifunseni kumene mukanakhala mukanakhala inuyo nyamayo: pamthunzi, pamalo okwera, kutali ndi phokoso, kapena pafupi ndi chitseko cholowera wosamalira. Musafunefune nyama yathunthu. Funani chiwalo chimodzi, monga mchira wolendewera panthambi, khutu logwedera muudzu, kapena mzere wa msana pakati pa mitengo yoimirira. Nyalugwe amapezeka m'mwamba kawirikawiri, koma anthu amangoyang'ana pansi. Komanso nyama iliyonse ili ndi mtunda umene imalola munthu kufikapo isanathawe, mfundo imene Heini Hediger, yemwe anatsogolera zoo ya ku Zürich, analemba kwambiri. Kuima cham'mbali m'malo moipenyetsetsa, kunjuta pang'ono, ndi kutsitsa mawu, kumachititsa kuti nyama zamantha monga nswala zibwere pafupi zokha.

Tiyeni tiyandikire zingapo. Nyamalikiti ikaima phee n'kumatafuna, yang'anani khosi lake osati nkhope. Imatafuna kwa kanthawi, n'kumeza, ndipo mumaona chotupa chikutsika m'khosimo. Pakapita timphindi tochepa chotupa china chimakwera kuchokera pachifuwa mpaka kukamwa, masaya n'kufufuma, kutafuna n'kuyambiranso. Uko n'kubzikula, ndipo palibe nyama ina imene kumaoneka bwino chotere. Khosi lonselo lili ndi mafupa 7 okha, chimodzimodzi la munthu, kungoti lililonse ndi lalitali kwambiri. Lilime lake, lotalika masentimita pafupifupi 45 ndiponso lakuda chakunsonga, limakulunga nthambi n'kupulula masamba. Ikafuna kumwa imatangadza miyendo yakutsogolo, ndipo isanatero imayang'ana uku ndi uku kwa nthawi yaitali, chifukwa kutchire imeneyo ndiyo nthawi imene mkango ungaipezerere.

Njovu simwera m'chitamba monga ambiri amaganizira. Imakoka madzi malita angapo n'kuwasunga m'chitambamo, kenako n'kupinda chitambacho n'kuwathira m'kamwa. Yang'anani kunsonga kwa chitamba: njovu ya ku Africa ili ndi tinthu tiwiri tonga zala, pamwamba ndi pansi, pamene ya ku Asia ili ndi kamodzi kokha pamwamba, ndipo makutu ake ndi aang'ono. Kukupiza makutu nthawi zambiri si ukali, ikuziziritsa magazi amene amadutsa m'mitsempha yambirimbiri ya m'makutumo. Ukali umaoneka ikatambasula makutu n'kuwaimika, mutu uli m'mwamba. Mvetserani ikamayenda: nyama yolemera matani angapo siimveka mgugu, chifukwa pansi pa phazi pali mafuta ofewa amene amaphwanyalala ikaponda. Mapazi amenewa ndiwo amavuta kwambiri njovu zosungidwa, makamaka zikamaima pa simenti nthawi yaitali, n'chifukwa chake mudzaona osamalira akuziphunzitsa kukweza phazi kuti alione n'kupala zikhadabo.

Kwa mvuu, chofunika ndi wotchi. Ikamira, yambani kuwerenga. Yaikulu imatuluka kudzapuma pakadutsa mphindi 3 mpaka 5, ndipo mukadziwa pamene yamirira mudzaona mphuno zikutseguka ndi mpweya ukuphulika. Ikayasamula kwambiri n'kuonetsa mano, si tulo, ikuopseza. Madzi ofiirira amene amatuluka pakhungu lake si magazi, amateteza khungulo ku dzuwa. Ng'ona nayo imakhala kukamwa yasa pamene ikuwothera dzuwa, koma iyo ikutulutsa kutentha. Kwa chipembere onani mlomo: wotambalala ndi wa chodya udzu, wosongoka ngati mbedza ndi wa chothyola masamba ndi tinthambi, ndipo posiyanitsa zipembere, mlomowu ndi wodalirika kuposa mtundu wa khungu, poti zonse ndi zotuwa.

Anyani ndi apusi ndiwo amakoka anthu ambiri, ndipo ndi kumenenso anthu amalakwitsa kwambiri. Kupenyetsetsa nyani kapena gorila m'maso ndi kumuputa. Kumusekerera mano ali pamtunda sakutenga ngati moni. Nyani wamphongo akayasamula mano aataliwo ali poyera, kapena akakweza nsidze n'kuonetsa zikope zoyererapo, akuchenjeza. Tsitsani maso, tembenukani pang'ono. Chosangalatsa chenicheni pa anyani n'kupesana ubweya. Onani amene akupesa ndi amene akupesedwa, ndi kutalika kwa nthawi yake, ndipo posakhalitsa mudzadziwa maubwenzi ndi maudindo a gulu lonse. Ngati muli ndi chimfine, musayandikire achimpanzi ndi agorila pamalo opanda galasi, chifukwa matenda athu a m'chifuwa amawagwira ndipo amatha kuwapha.

Mbalame zimafuna kudekha kwina kwapadera, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anthu ambiri amangozidutsa. Nyumba ya mbalame yolowamo imakhala ndi zitseko ziwiri zotsatizana. Tsekani choyamba musanatsegule chachiwiri, apo ayi mbalame zithawa. Mukalowa musayende. Imani pamalo amodzi, makamaka pafupi ndi madzi kapena mbale ya chakudya, kwa mphindi 5. Kulowa kwanu kwazibalalitsa, ndipo zimabwerera pang'onopang'ono zikaona kuti simukugwedezeka. Yambani ndi makutu, maso atsatire kumene kwachokera kulira. Kenako yang'anani magawo atatu padera: pansi pa zitsamba, m'nthambi zapakati, ndi pamwamba penipeni pafupi ndi denga, popeza mitundu yosiyana imakhala pamisinkhu yosiyana. Kuloza ndi dzanja mwadzidzidzi kumathawitsa mbalame kuposa kulankhula.

Pofuna kuizindikira mbalame, mtundu wa nthenga ukhale womalizira, chifukwa umasintha ndi kuwala, msinkhu, nyengo, komanso pakati pa yaimuna ndi yaikazi. Yambani ndi kukula kwake, kaumbidwe ka thupi, mlomo, ndi miyendo. Mlomo waufupi wonenepa ndi woswera njere. Wopyapyala wosongoka ndi wotolera tizilombo. Wopindika wakuthwa ndi wong'ambira nyama, monga wa nkhwazi ndi chiwombankhanga. Mapazi nawo amanena zambiri. Chinkhwe chili ndi zala ziwiri zoloza kutsogolo ndi ziwiri zoloza kumbuyo, n'chifukwa chake chimagwira chakudya ndi phazi limodzi n'kuchipititsa kukamwa, ndipo mukachiyang'anitsitsa mudzapeza kuti chimakonda phazi lomwelomwelo nthawi zonse. Nthiwatiwa ili ndi zala ziwiri zokha kuphazi, ndipo imathamanga mpaka makilomita 70 pa ola. Muimba uli ndi mutu wopanda nthenga zambiri, zimene zimauthandiza kuti usamatirire zonyansa polowetsa mutu m'nyama yakufa.

Mbalame za flamingo n'zoyenera mphindi 20 zathunthu. Zimadya mutu uli chozondoka m'madzi, lilime likupopa madzi kudutsa m'tizisefa ta m'mlomo, ndipo nthawi zina zimapondaponda matope kuti zivundule tizilombo. Kufiira kwa nthenga zake kumachokera m'zakudya, choncho ku zoo amaziwonjezera zinthu zopatsa mtunduwo, apo ayi zimayera pang'onopang'ono. Anapiye ake amakhala otuwa. Chimene chimaoneka ngati bondo lopindikira kumbuyo si bondo, ndi kakolo, bondo lenileni labisika m'nthenga pafupi ndi thupi. Zikayamba kutembenuza mitu uku ndi uku zonse pamodzi, kapena kutambasula mapiko mwadzidzidzi n'kuonetsa nthenga zakuda, ndiye kuti nyengo yoswana yayandikira. Kadzidzi naye amaoneka ngati chosema, koma dikirani. Maso ake satembenuka m'mutu, ndiye amatembenuza khosi lonse, la mafupa 14, mpaka madigiri 270. Akamagwedezera mutu m'mbali ndi m'mwamba akuyeza mtunda wa chimene waona.

Mbalame ikamapesa nthenga, onani mmene imapititsira mlomo pamwamba pa tsinde la mchira. Mitundu yambiri ili ndi kathumba ka mafuta pamenepo, ndipo imawapaka m'nthenga imodziimodzi. Mbalame yooneka yonyonyoka si kuti nthawi zonse ikudwala, mwina ikusintha nthenga. Mapengwini, mbalame za m'nyanja zosauluka, amasintha zonse nthawi imodzi, amakhala kumtunda milungu iwiri kapena itatu osalowa m'madzi, akuoneka otupa ndi osokonekera. Koma chinkhwe chimene chadzizula nthenga pachifuwa pamene kumutu zili bwinobwino, chimenecho chili ndi vuto, kaya matenda kapena kusungulumwa, poti kumutu mlomo wake sufikako.

Bainokyula, chipangizo choonera zinthu zakutali ndi maso onse awiri, imathandiza kwambiri ngakhale ku zoo. Yolembedwa 8x42 kapena 8x32 ndiyo yabwino: nambala yoyamba ikunena kuti chinthu chimayandikitsidwa ka 8, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Zoyandikitsa koposa ka 10 zimanjenjemera m'manja ndipo zimaonetsa malo ochepa, mbalame imakusowani. Kuikonza kwake n'kotere. Pindani mbali ziwirizo mpaka muone bwalo limodzi. Phimbani galasi lakumanja, yang'anani chikwangwani cha zilembo, zungulizani gudumu lapakati mpaka zilembo zioneke bwino. Kenako phimbani lakumanzere, ndipo musakhudzenso gudumu lija, zungulizani kamkombero ka pa diso lakumanja mpaka zionekenso bwino. Mukadumpha gawo limeneli mutu umapweteka pakapita mphindi zochepa. Ovala magalasi a maso atsitse timphira ta pa maso. Ndipo mukaona mbalame, musachotsepo maso: kwezani bainokyula ifike kumaso kwanu. Mukayang'ana pansi kaye kuti muitenge, simuipezanso mbalameyo.

Pojambula kudzera pagalasi, gunditsani foni kapena lenzi pagalasipo, mutchinge m'mbali ndi dzanja, fulashi ikhale yozimitsa. Pa waya, yandikizani lenzi pakati pa bowo pamene malamulo akulola, ndipo sankhani nyama imene ili kutali ndi wayayo, mawayawo amazimiririka okha pachithunzi. M'nyumba ya nyama zausiku, mmene amazimitsa magetsi masana n'kusiya kuwala kofiira kapena kochepa, imani chapakhomo mphindi 5 mpaka 10 kuti maso azolowere. Kuyatsa foni kumabwezera maso anu pa chiyambi, ndipo kumavutitsa nyama ndi anthu ena. Kwa njoka, musagogode galasi. Imamva kunjenjemera kudzera m'thupi, ndipo ikagogodedwa tsiku lonse imabisala kapena kukana kudya. Nsato ya maso otuwa ngati mkaka ili pafupi kufundula. Kusagwedezeka kwake n'kwachibadwa, poti yaikulu ikadya kamodzi imatha milungu osafunanso kanthu.

Pali china chimene woona mwachidwi sangalephere kuchizindikira, ndipo sitiyenera kuchibisa. Nyama ina imayenda njira imodzimodzi, kutembenukira pamalo amodzimodzi, mpaka pansi panachita kanjira. Njovu ina imagwedezera mutu uku ndi uku osaleka. Kuyendayenda kwa mphindi zochepa chakudya chisanabwere n'kudikira chabe, ndipo kumatha chakudya chikafika. Koma kubwereza chinthu chimodzi kwa nthawi yaitali popanda cholinga ndi chizindikiro chakuti malo ndi ochepa, palibe chochita, kapena nyamayo inavutikapo kumene inali kale, pakuti khalidweli limatha kutsalira ngakhale itasamutsidwira pabwino. Yang'anani ngati m'kholamo muli zoitangwanitsa: chakudya chobisidwa m'zipika, nthambi zatsopano, migolo, madzi osambamo, pothawira maso a anthu, ndi inzake ngati ili nyama yokhala m'gulu. Funsani osamalira mwaulemu. Malo abwino amayankha mosabisa. Ndipo malo otere achitapo ntchito yooneka: oryx ya ku Arabia, nyama ya nyanga zazitali zowongoka, inatheratu kutchire mu 1972, koma zoswedwa m'makola zinabwezeredwa ku Oman mu 1982. Miimba ya condor ya ku California inatsala 27 yokha mu 1987, yonse inasungidwa ndi kuswetsedwa ku San Diego ndi ku Los Angeles, ndipo mu 1992 anayamba kuimasulanso. Izi sizikhululukira khola lililonse loipa, koma zikusonyeza chimene tiyenera kuyembekezera kwa aliyense wosunga nyama.

Musadyetse nyama chilichonse chimene simunapatsidwe ndi eni malo. Chakudya cha nyama iliyonse chimayezedwa, ndipo kanthu kochepa kochokera kwa inu kakaphatikizana ndi ka anthu mazana ena tsiku lomwelo kamatsekula m'mimba, kunenepetsa ndi kuwononga mano. Nyama zobzikula zikadya zotsekemera kapena za ufa zambiri, m'mimba mumachita asidi woti n'kuzipha. Kuponya chakudya pagulu kumayambitsanso ndewu, ndipo zovulala zimakhala zazing'ono. Mapepala apulasitiki amatseka matumbo. Ndalama zachitsulo zoponyedwa m'dziwe zimamezedwa ndi mbalame za m'madzi ndi nyama zina, ndipo chitsulocho chimasungunuka m'mimba n'kukhala poizoni.

Ana asakhazikidwe pampanda kapena kunyamulidwa kupitirira chotchinga, ngakhale kwa kanthawi kojambula. Mu 2016 ku zoo ya Cincinnati m'dziko la America mwana wamng'ono anagwera m'khola la agorila, ndipo gorila wamphongo anawomberedwa kuti mwanayo apulumuke. Mwana amakhazikika bwino akapatsidwa ntchito imodzi yomveka, monga kuwerenga masekondi amene mvuu yakhala pansi pa madzi, kapena kupeza phazi limene chinkhwe chikudyera. Pamalo amene amalola kugwira mbuzi, nkhosa kapena akamba, musadyerepo, ndipo zoyamwa za ana zikhale m'chikwama. Ubweya ndi mipanda zimatha kukhala ndi majeremusi a E. coli, ndipo akamba, abuluzi ndi njoka amanyamula majeremusi a Salmonella ngakhale akuoneka athanzi. Potuluka sambani m'manja ndi sopo ndi madzi oyenda kwa masekondi 20, mpaka pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Mankhwala opaka m'manja aja sapha majeremusi onse opezeka m'ndowe za nyama, choncho angokuthandizani podikira kufika pampopi.